Kudzimbidwa Kosatha ndi Zitsamba Zotsuka M'mimba

ZOMWE TIDAMVA M'SEWERO

M'chigawo ichi cha sewero tidakumana ndi bambo wina wa zaka 52, telala wosokera pakhonde la sitolo pamsika. Bamboyu ankakhala pa makina kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa. Kadzutsa wake adali tiyi ndi sikono, ndipo masana ankadya tchipisi kapena nsima ya ufa woyera ndi usipa. Chimbudzi cha pamsikapo chidali cholipira ndiponso chauve, motero akamva m'mimba ankadzigwira kuti akadzithandize kunyumba. Pofika kunyumba chilakolako chija chinkakhala chitatha.

Tsiku lina mlamu wake adam'bweretsera kapaketi ka masamba ouma. "Alamu, awa ndi otsuka m'mimba," adatero. "Ndi achilengedwe, alibe vuto." Atelala adayamba ndi supuni imodzi pa sabata. Patapita zaka zitatu ankamwa supuni zitatu usiku uliwonse, n'kuonjezerapo madzi owawa a alovera. Pa nthawi yomweyo ankamwanso mapiritsi a BP okodzetsa omwe ankalandira kuchipatala.

Mayi a kunyumba adawafunsa kuti, "Abambo, zaka zonsezi mukumwa masambawa, bwanji matendawo sakutha?" Iwo adayankha kuti, "Mayi, ndikangodumphitsa usiku umodzi m'mimba mumatseka." Patangopita masiku ochepa atelala adagwa pamakina. Miyendo idalobodoka ndipo mtima unkagunda modumphadumpha.

Magulu omvera wailesi atakambirana, maganizo adasiyana. Ena adati zitsamba zonse n'zoopsa. Ena adati makolo athu adakula ndi zitsamba ndipo sadafe nazo. Mutu uno ukufotokoza zomwe zimachitika m'thupi kuti aliyense athe kusankha mwanzeru.

KODI KUDZIMBIDWA N'KUTANI?

Pa Chichewa timanena kuti tadzimbidwa ngakhale pamene tadya kwambiri paukwati ndipo m'mimba mwafufuma. Kudzimbidwa kotereku kumatha kokha. Kumene tikunena pano ndi kuvutika pochita chimbudzi.

Anthu ambiri amaganiza kuti munthu wabwinobwino ayenera kupita kuchimbudzi tsiku lililonse. Izi si zoona. Ena amapita katatu pa tsiku, ena katatu pa sabata, ndipo onsewa ali bwino malinga ngati chimbudzi chake n'chofewa ndipo chikutuluka mosavuta. Azachipatala amati munthu ali ndi kudzimbidwa kosatha ngati kwa miyezi itatu kapena kuposerapo wakhala akuona ziwiri kapena zingapo mwa izi:

1. Kupita kuchimbudzi kosakwana katatu pa sabata.
2. Chimbudzi chouma, chotuluka timibulu ngati ndowe za mbuzi.
3. Kutchima kwambiri kuti chituluke.
4. Kumva ngati china chatsalira mkati.
5. Kumva ngati njira yatsekeka.
6. Kuchita kuthandizira ndi chala kuti chituluke.

ZOMWE ZIMACHITIKA M'MATUMBO

Chakudya chikachoka m'chifu chimalowa m'matumbo aang'ono, m'mene thupi limayamwa zomanga thupi ndi zopatsa mphamvu. Zotsalira zimapita m'matumbo aakulu, amene ndi otalika pafupifupi mita imodzi ndi theka. Zotsalirazo zimafikamo zili zamadzimadzi ngati phala. Tsiku lililonse mumalowa madzi okwana lita imodzi kapena kuposerapo, ndipo ntchito ya matumbo aakulu ndi kuyamwa madziwo kuti abwerere m'thupi, kwinaku akukankha zotsalirazo pang'onopang'ono.

Tsono zotsalira zikakhalitsa m'matumbo, madzi ambiri amayamwidwa ndipo chimbudzi chimauma. Chikauma chimapweteka potuluka, mwina kung'amba njira kapena kuyambitsa nthenda ya mudzi. Munthu akamva kuwawa amaopa kupita kuchimbudzi, ndipo akadzigwira chimbudzi chimapitiriza kuuma. Umu ndi m'mene vuto laling'ono limasandukira la zaka.

NANGA CHIMAYAMBITSA N'CHIYANI?

Choyamba ndi zakudya zopanda gaga. M'masamba, m'zipatso, m'nyemba ndi m'khungu la chimanga muli mbali ina imene thupi siligaya. Azaumoyo amaitcha faiba. Faiba amasunga madzi ngati thonje, choncho chimbudzi chimakhala chochuluka ndi chofewa. Dokotala wina wochita maopaleshoni, Denis Burkitt, yemwe adagwira ntchito zaka zambiri ku Uganda, adafalitsa mu 1972 zomwe iye ndi anzake adapeza atayeza chimbudzi cha anthu osiyanasiyana. Anthu a m'midzi ya ku Uganda, odya zakudya zosakonola, ankatulutsa magalamu oposa 400 pa tsiku, pamene Angelezi odya buledi woyera ankatulutsa magalamu pafupifupi 100 okha, ndipo chakudya chinkatenga nthawi yoposa kawiri kuti chidutse m'matumbo mwao. Lero ambiri a ife, makamaka m'tauni, tikudya ngati Angelezi aja. Chimanga timakonola, gaga n'kupatsa nkhuku ndi nkhumba.

Chachiwiri ndi kudzigwira. Oyendetsa minibasi, ogulitsa pamsika, alonda, ana a sukulu ndi apongozi ochita manyazi pamudzi wa eni, onsewa amadziwa za kudzigwira. Munthu akazolowera kutero, thupi limasiya kum'chenjeza msanga.

Chachitatu ndi kusayenda ndi kusamwa madzi okwanira, makamaka m'nyengo yotentha ya Okutobala ndi Novembala. Okalamba ndi odwala ogonera pamphasa amavutika kwambiri.

Chachinayi ndi mankhwala. Ena mwa mankhwala odzimbitsa ndi mapiritsi oonjezera magazi a ayironi, opha ululu amphamvu monga morphine, codeine ndi tramadol, amitriptyline, ena a BP, ndi ena oletsa chilungulira. Musasiye mankhwalawa panokha. Auzeni adokotala kuti aone chochita.

Chachisanu ndi matenda ena monga shuga, kufooka kwa chithokomiro, sitiroko, nthenda ya Parkinson ndi khansa ya m'matumbo. Amayi oyembekezera nawonso amadzimbidwa kawirikawiri, ndipo kudya dothi kumaonjezera vutolo.

Palinso anthu ena amene minofu yao ya kotulukira chimbudzi imamangika m'malo momasuka pamene akutchima. Otere angamwe mankhwala ochuluka motani, vuto lao silitha mpaka ataphunzitsidwa kumasula minofuyo.

ZITSAMBA ZOTSEGULA M'MIMBA ZIMAGWIRA BWANJI NTCHITO?

Matiyi ambiri ogulitsidwa ndi dzina loti otsuka m'mimba kapena ochepetsa thupi amakhala ndi masamba kapena zikhokhombe za chitsamba chotchedwa sena. Chitsambachi chimalimidwa ku Sudan, ku Egypt ndi ku India, ndipo anthu akhala akuchigwiritsa ntchito kwa zaka mazana ambiri. Mankhwala a m'masamba ake amadutsa m'chifu ndi m'matumbo aang'ono osachita kanthu. Akafika m'matumbo aakulu, tizilombo tabwino tokhala m'menemo timawasintha kukhala amphamvu. Pamenepo amachita zinthu ziwiri: amatokosa matumbo kuti adzifinya mwamphamvu, ndiponso amachititsa kuti madzi ndi mchere wa m'thupi zitsalire m'matumbo m'malo moyamwidwa. Izi zimatenga maola 6 mpaka 12. N'chifukwa chake womwa usiku amathamangira kuchimbudzi m'mamawa.

Alovera ali ndi mbali ziwiri. Mkati mwa tsamba muli zoterera zoyera zimene ena amapaka pakhungu. Pansi pa khungu la tsambalo pali madzi achikasu owawa, ndipo awa ndiwo amatsegula m'mimba. Ndi a mtundu umodzi ndi mankhwala a mu sena, koma amapotokola m'mimba kwambiri. Mu 2002 bungwe loona za mankhwala la ku America, la FDA, lidachotsa alovera pa mndandanda wa mankhwala otsegula m'mimba ololedwa kugulitsidwa popanda chilolezo cha dokotala, chifukwa opanga ake sadapereke umboni woti ndi wosaopsa.

Mafuta a nsatsi amagwira ntchito mofulumira ndi mwaukali. Kwa mayi woyembekezera angathe kuyambitsa matenda a kuchira nthawi isanakwane. Nthanga za nsatsi zili ndi poizoni wakupha, ndipo siziyenera kutafunidwa konse.

Tidziwe kuti zitsamba zonsezi sizitsuka kanthu. M'matumbo mwa munthu mulibe litsiro lomatirira lofunika kukolopa. Zoipa za m'magazi zimachotsedwa ndi chiwindi ndi impso. Wofuna kuchepetsa thupi akamwa tiyi wotere amataya madzi okha, chifukwa chakudya chimakhala chitayamwidwa kale m'matumbo aang'ono.

CHIFUKWA CHIYANI ATELALA ANKANGOONJEZERA MLINGO?

Funso ili lidabwera kuchokera m'magulu ambiri. Munthu akamwa mlingo waukulu, matumbo aakulu amakhuthula zonse, ndi zomwe zikadatuluka mawa ndi mkuja. Tsono pamafunika masiku awiri kapena atatu kuti matumbowo adzazenso. Pamasiku amenewa munthu sapita kuchimbudzi, chifukwa mulibe choti chituluke. Iye poona zimenezi amaganiza kuti wadzimbidwanso, namwa mankhwala ena matumbo ali opanda kanthu. Akaona kuti zotuluka n'zochepa amaonjezera mlingo.

Chinanso n'chakuti thupi likataya madzi ambiri limayamba kuumira madzi otsala. Matumbo amayamwa madzi mwamphamvu kuposa kale, ndipo chimbudzi chotsatira chimakhala chouma koposa. Mchere wotchedwa potaziyamu ukachepa, minofu ya m'matumbo nayo imafooka. Motero mankhwala omwe munthu akumwa mopyola muyeso aja amasanduka mbali ya vuto lake. Nthawi yonseyi zoyambitsa zenizeni, monga ufa woyera, kudzigwira ndi kukhala pamakina tsiku lonse, zimakhala zili pomwepo.

KUOPSA KWA KUMWA MOPYOLA MUYESO KWA NTHAWI YAITALI

Choopsa chachikulu ndi kutha kwa madzi ndi potaziyamu. Potaziyamu ndi amene amathandiza minofu ndi mtima kugwira bwino ntchito. Akachepa munthu amafooka, minofu imakokana, ndipo mtima ungathe kugunda mosalongosoka mpaka kuima. Mapiritsi okodzetsa monga hydrochlorothiazide ndi furosemide nawonso amatayitsa potaziyamu kudzera mu mkodzo. Atelala ankataya mcherewu mbali ziwiri, ndipo ndicho chidawagwetsa.

Kutaya madzi kawirikawiri kumatopetsa impso. Anthu ena owerengeka amene ankamwa sena wochuluka zedi adapezekanso ndi vuto la chiwindi. Kutsegula m'mimba kwambiri kungathenso kuchepetsa mphamvu ya mankhwala ena omwe munthu akumwa, monga mapiritsi olera.

Womwa sena kapena alovera kwa miyezi ingapo, khungu la mkati mwa matumbo ake limada. Kudaku pakokha sikuvulaza ndipo kumatha munthu akasiya. Mkodzo nawo ungasinthe mtundu n'kufiirira, ndipo izinso sizoopsa.

Choopsa china n'chakuti mankhwala otsegula m'mimba amabisa matenda. Munthu amene kudzimbidwa kwake kwayamba chifukwa cha chotupa m'matumbo angathe kutha chaka akudzithandiza ndi tiyi, n'kufika kuchipatala mochedwa.

KODI NDIYE KUTI SENA NDI WOIPA?

Iyayi. Amene adati makolo athu ankadziwa mankhwala sadaname. Sena ali pa mndandanda wa mankhwala ofunika wa bungwe la zaumoyo pa dziko lonse la WHO, ndipo amaperekedwa m'zipatala ngati mapiritsi. Kale madokotala ankaphunzitsa kuti kumwa sena nthawi yaitali kumapha mitsempha ya m'matumbo, koma kafukufuku wotsatira sadapeze umboni wokwanira woti izi zimachitika kwa womwa mlingo woyenera. Mu 2023 mabungwe awiri a madokotala a matenda a m'mimba ku America adaika sena pakati pa mankhwala omwe angagwiritsidwe ntchito pa kudzimbidwa kosatha, kuyambira pa mlingo wochepa. Odwala amene akumwa morphine amayenera kumwa mankhwala a mtundu umenewu tsiku lililonse, ndipo nesi amawauza mlingo wake.

Kusiyana kuli pa mlingo ndi uphungu. Piritsi limodzi la kuchipatala lili ndi mphamvu yodziwika. Masamba otapa ndi dzanja mphamvu yake imasiyana malinga ndi kumene adamera, kuchuluka kwake ndi nthawi yomwe awiritsidwa. Pa kapaketi kopanda chizindikiro simungadziwe ngakhale zomwe zasakanizidwamo. Ku Malawi bungwe loyang'anira mankhwala ndi la PMRA, lomwe lidakhazikitsidwa ndi lamulo la 2019. Ngati mukukayika ndi mankhwala omwe mwagula, funsani kufamase yovomerezeka kapena kuchipatala. Safunsa adadya phula.

Lamulo losavuta kukumbukira ndi ili: musamwe mankhwala otokosa matumbo, kaya azitsamba kaya a m'sitolo, kupitirira sabata imodzi musanaonane ndi azachipatala.

OYENERA KUSAMALA KOPOSA

Amayi oyembekezera ndi oyamwitsa asamwe alovera, mafuta a nsatsi kapena zitsamba zosadziwika. Anene vuto lao kusikelo.

Ana asapatsidwe matiyi otsuka m'mimba, ndiponso asapopedwe madzi a sopo kapena a zitsamba kotulukira chimbudzi, chifukwa zimenezi zimawotcha ndi kuboola matumbo. Khanda loyamwa bere lokha lingathe kukhala masiku angapo osachita chimbudzi. Ngati likuyamwa bwino, likukula ndipo chimbudzi chikatuluka n'chofewa, silinadzimbidwe.

Odwala mtima, impso ndi BP afunse kaye asanamwe chilichonse chotsegula m'mimba. Mchere wa Epsom ndi mankhwala ena okhala ndi maginiziyamu ndi oopsa kwa wodwala impso.

Omwa ma ARV okhala ndi dolutegravir, amene Malawi idayamba kupereka kwa anthu ambiri mu 2019, adziwe kuti maginiziyamu amamanga mankhwalawa m'mimba kuti asalowe bwino m'magazi. Ngati apatsidwa mankhwala a maginiziyamu, amwe ma ARV maola 2 asanamwe enawo, kapena patapita maola 6.

NJIRA ZACHILENGEDWE ZOTHANDIZA TSIKU NDI TSIKU

1. Bwezerani gaga m'chakudya. Bungwe la WHO mu 2023 lidalangiza kuti munthu wamkulu azidya magalamu osachepera 25 a faiba ndi magalamu osachepera 400 a masamba ndi zipatso pa tsiku. Kapu imodzi ya nyemba zophika ili ndi magalamu oposa 10 a faiba. Idyani nsima kapena phala la mgaiwa, mapira kapena mawere. Ngati a pabanja sadazolowere, yambani ndi kusakaniza mgaiwa ndi ufa woyera. Chimanga cha mgaiwa chikhale chouma bwino ndi chosankhidwa, chifukwa poizoni wa chuku amakhala kwambiri m'gaga wa chimanga choola.

2. Pa mbale pasasowe ndiwo zamasamba: bonongwe, nkhwani, chisoso, kholowa, chigwada, mpiru kapena therere. M'chilimwe mfutso umathandiza chimodzimodzi. Nyemba, khobwe, nandolo ndi nzama zidyedwe kangapo pa sabata. Mbatata yotsuka bwino ingadyedwe ndi khungu lake.

3. Idyani zipatso zakupsa za m'nyengo yake, monga mapapaya, mango, mapeyala, malalanje, masuku ndi masawu. Malambe ali ndi faiba wochuluka, ndipo madzi a bwemba amafewetsa m'mimba pang'ono. Pa kafukufuku wochepa wa ku Texas yemwe adafalitsidwa mu 2018, anthu odzimbidwa amene ankadya magalamu 300 a mango tsiku lililonse kwa masabata anayi adapeza bwino. Chipatso chodya chathunthu chimaposa madzi ake ofinya.

4. Onjezerani zakudyazi pang'onopang'ono kwa masabata awiri kapena anayi. Mukayamba mwadzidzidzi m'mimba mudzadzaza mpweya ndipo mudzagwa ulesi.

5. Imwani madzi abwino makapu 6 mpaka 8 pa tsiku, ndipo oposerapo kukatentha kapena mukamagwira ntchito ya thukuta. Mkodzo wachikasu kwambiri ukutanthauza kuti madzi achepa. Gaga wopanda madzi angaumitse chimbudzi koposa. Amene adauzidwa kuchipatala kuti achepetse madzi atsate malangizo a adokotala.

6. Yendani mwandawala mphindi 30 pa tsiku. Ogwira ntchito chokhala aziimirira ndi kuyendako pang'ono ola lililonse. Wodwala wogonera athandizidwe kukhala tsonga ndi kutembenuka.

7. Patulani nthawi. Chakudya chikalowa m'chifu, matumbo aakulu amayamba kukankha okha, makamaka m'mawa. Idyani phala ndi chakumwa chofunda, ndipo pakapita mphindi 20 kapena 30 pitani kuchimbudzi ngakhale chilakolako chili chochepa. Khalani mphindi zisanu kapena khumi osatchima mwamphamvu. Zikakanika nyamukani, mudzayesenso mawa.

8. Kunyonyomala kumaongola njira ya chimbudzi, choncho chimbudzi chokumba chili ndi ubwino wake. Pa chimbudzi chokhalira ikani kampando kapena njerwa pansi pa mapazi kuti maondo akwere kuposa chiuno.

9. Mukamva m'mimba pitani nthawi yomweyo. Chimbudzi cha pakhomo chikhale chaukhondo, chachitseko ndi chotetezeka usiku, kuti ana ndi amayi asamaope kupitako.

KUSIYA PANG'ONOPANG'ONO

Amene wamwa zitsambazi tsiku lililonse kwa miyezi kapena zaka apite kuchipatala atatenga kapaketi kake, ndipo anene zoona za mlingo womwe amamwa. Palibe chochititsa manyazi. Adokotala adzaona ngati pali nthenda ina kapena mankhwala ena oyambitsa vutolo, ndipo ngati n'kotheka adzayeza mchere wa m'magazi.

Kawirikawiri mlingo umachepetsedwa pang'onopang'ono kwa masabata angapo, pamene munthu akusintha kadyedwe ndi kumwa mankhwala ofatsa ofewetsa chimbudzi. M'masabata oyamba munthu angathe kukhala masiku awiri kapena atatu osapita kuchimbudzi. Ena amatupa mapazi kwa masiku ochepa chifukwa thupi lidazolowera kuumira madzi. Apa ndi pamene ambiri amabwerera ku tiyi uja. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ngati m'mimba simukupweteka, simukusanza ndipo mpweya ukutuluka, pitirizani monga adakulangizirani.

Mankhwala a kuchipatala ali m'magulu. Lactulose ndi macrogol amakokera madzi m'chimbudzi, ndipo amayamba kugwira ntchito pakapita tsiku limodzi mpaka atatu. Ufa wa psyllium ndi faiba wochokera ku mbewu, ndipo uyenera kumwedwa ndi kapu yodzaza ya madzi. Bisacodyl amatokosa matumbo monga sena. Palinso kamankhwala ka glycerine kolowetsa kotulukira chimbudzi, kamene kamagwira ntchito pa mphindi 15 mpaka 30. Anthu ena, ngakhale asinthe kadyedwe, amafunikabe mankhwala kwa nthawi yaitali. Kumeneko si kulephera. Chofunika ndi mlingo wodziwika ndi kuonana ndi azachipatala nthawi ndi nthawi.

ZIZINDIKIRO ZOFUNIKA KUTHAMANGIRA KUCHIPATALA

Pitani tsiku lomwelo, ngakhale usiku, ngati m'mimba mwatupa, mukupweteka kwambiri, munthu akusanza, ndipo chimbudzi ndi mpweya womwe sizikutuluka. Mwina matumbo atsekeka kapena apotana. Kupotana kwa matumbo aakulu kumachitika kawirikawiri kuno kwathu, makamaka kwa abambo, ndipo madokotala a pa zipatala zazikulu monga Kamuzu Central ku Lilongwe amachita maopaleshoni ambiri a vutoli. Wodwala wotere asapatsidwe chotsegula m'mimba chilichonse, chifukwa matumbo angathe kuphulika. Chimodzimodzi khanda limene silinachite chimbudzi choyamba pa maola 48 chibadwire, kapena womwa mankhwala otsegula m'mimba amene wafooka kwambiri, wakomoka kapena mtima ukum'gunda modabwitsa.

Pitani m'sabata yomweyo mukaona izi:

1. Magazi m'chimbudzi, kapena chimbudzi chakuda bii pamene simukumwa mapiritsi a ayironi.
2. Kuonda popanda chifukwa, kapena kuchepa magazi.
3. Kudzimbidwa koyamba kumene kwa munthu wopitirira zaka 45.
4. Kudzimbidwa kosinthana ndi kutsegula m'mimba.
5. Chotupa chomveka m'mimba.
6. Kudzimbidwa kosatha pamene wachibale wapafupi adadwalapo khansa ya m'matumbo.

Osamalira agogo adziwenso ichi: nkhalamba imene yakhala masiku ambiri osachita chimbudzi ikayamba kuchucha zamadzimadzi, mwina chimbudzi cholimba chatseka njira ndipo madzi akungodutsa m'mbali. Musaipatse mankhwala oletsa kutsegula m'mimba. Pitani nayo kuchipatala.

M'MENE SEWERO LIDATHERA

Atelala adagonekedwa masiku atatu ndipo adapatsidwa potaziyamu. A nesi sadawakalipire. Adawafunsa zomwe amadya, nthawi yomwe amadzuka ndi kumene amadzithandiza. Potuluka adagwirizana zochepetsa masamba aja sabata ndi sabata, kumwa lactulose, kudya phala la mgaiwa m'mawa ndi kupita kuchimbudzi asananyamuke kunyumba. Njinga adayamba kuisiya, namayenda wapansi popita kumsika. Sabata yachiwiri adatsala pang'ono kubwerera ku masamba, koma mayi a kunyumba adawakumbutsa zomwe a nesi adanena. Patapita miyezi iwiri ankapita kuchimbudzi kanayi kapena kasanu pa sabata popanda kutchima.

Mlamu uja atabwera kudzazonda adati, "Alamu, ine ndinkafuna kukuthandizani." Atelala adayankha kuti, "Ndikudziwa, alamu. Cholakwa changa n'chakuti zaka zitatu sindidauzeko adokotala." Pambuyo pake iwo ndi anzao a pakhonde adapita kwa akuluakulu a msika kukapempha kuti chimbudzi chizisamalidwa, poti wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.

MAFUNSO OKAMBIRANA PAGULU

1. N'chifukwa chiyani munthu akamwa mlingo waukulu wa mankhwala otsegula m'mimba amakhala masiku angapo osapita kuchimbudzi?
2. Ndi zakudya ziti za gaga zomwe zikupezeka m'dera lanu mwezi uno? Nanga m'miyezi yosowa masamba mungachite chiyani?
3. N'chiyani chimaletsa anthu kuuza adokotala kuti akumwa zitsamba? Tingawalimbikitse bwanji?
4. Kodi zimbudzi za pasukulu, pamsika ndi patchalitchi kapena pamzikiti wa kwanu zili bwanji? Ndani angathandize kuzikonza?
5. Mnansi wanu watupa m'mimba, akusanza ndipo mpweya sukutuluka. Abale ake akufuna kum'patsa mafuta a nsatsi. Mungawauze chiyani, ndipo mungapeze bwanji choyendera kuti afike msanga kuchipatala?